Kodi chipangizo cholozera njira m'galimoto chimaidziwa njira ya kwa Dzoole?

Fodya akayenda bwino ku Kanengo, kapena soya akagwira mtengo m'misika ya ku Ntchisi, m'makomo ambiri mumabuka nkhani ya galimoto. Mlimi wa kwa Dzoole, mphunzitsi amene wakhala akuponya kangachepe kusako, mayi wa golosale pa Mponela, onsewo madzulo amapezeka atawerama pafoni, kusuzumira zithunzi za galimoto za ku Japan. Pamndandanda wa zomwe galimotoyo ili nazo pamakhala mawu akuti Navigation, ndipo pachithunzi pamaoneka sikirini yowala pakati pa dashibodi. Ogulitsa ena amaitchula ngati chifukwa chokwezera mtengo. Mafunso otsatirawa ndi amene ogula amakonda kufunsa, ndipo mayankho ake ayezedwa pa misewu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, osati ya ku Tokyo.

Kodi chipangizo cholozera njira chimadziwa bwanji pomwe galimoto ili?

Chimamvera masetilaiti. Dongosolo lotchuka kwambiri ndi la GPS, lomwe eni ake ndi asilikali a dziko la America. Setilaiti yoyamba anaiponya m'mlengalenga mu 1978, ndipo pofika 1995 dongosolo lonse, la masetilaiti osachepera 24, linali litakwanira. Amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, uku akulengeza mosalekeza pomwe ali komanso nthawi yomwe ili pa mawotchi awo. Chipangizo cha m'galimoto chikamva anayi mwa iwo, chimawerengera nthawi yomwe uthenga uliwonse watenga panjira, n'kudziwa malo pomwe chili. Mpaka mu May 2000 asilikaliwo ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Kuyambira pomwe anasiya, kuphonyako kumangokhala kwa mamita ochepa. Lero kulinso masetilaiti a Russia, a China ndi a maiko a ku Ulaya, ndipo foni zambiri zamakono zimawamvera onsewo.

Koma pali mfundo imodzi yomwe nkhani yonseyi yatsamirapo. Setilaiti siidziwa msewu. Siidziwa Mponela, siidziwa mlatho wa pa Bua. Chomwe imathandiza kupeza ndi manambala awiri osonyeza malo padziko, basi. Chimene chimasandutsa manambalawo kukhala mawu akuti khotera kumanja ndi mapu omwe anasungidwa m'chipangizomo. Mapu akakhala a kwina, setilaiti imveke bwino chotani, dalaivala sapindula kanthu.

Nanga m'galimoto zochokera ku Japan mumakhala mapu a kuti?

A ku Japan komweko.

Galimoto zing'onozing'ono zomwe zimadzaza pa siteji ya Mponela, ma Sienta, ma Probox, ma Freed ndi ma Vitz, zambiri zinagwirapo kale ntchito ku Japan. Zimakwera sitima ku madoko monga Yokohama, Nagoya ndi Kobe, kutsikira ku Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe ku Karonga zili ndi manambala ongoyembekezera a IT. Makampani ozigulitsa ndi odziwika mpaka kumudzi. Ina mwa iwo, BE FORWARD, inafika pothandiza timu ya Wanderers, dzina lake n'kumamveka pawailesi sabata ndi sabata. Galimoto zimenezi zimakomera Amalawi chifukwa chiwongolero chili kumanja, ndipo ku Japan nakonso amayenda kumanzere kwa msewu. Koma chipangizo cholozera njira anachipangira munthu wa ku Osaka.

Anthu a ku Japan ndi akamuna akale pa zimenezi. Honda inatulutsa chipangizo cha mapu m'galimoto mu 1981, GPS isanafike kwa anthu wamba, ndipo mu 1990 Mazda inagulitsa galimoto ya Eunos Cosmo yokhala ndi GPS kuchokera kufakitale. N'chifukwa chake kwawoko ngakhale kagalimoto kopitira kumsika kamakhala ndi sikirini. Ikafika kuno, zolembedwa zonse zimakhala m'Chijapanizi, ndipo kamuvi kosonyeza galimoto kamangoyandama pamalo popanda msewu, apo ayi kamayendayenda m'misewu ya tauni ina ya ku Japan pomwe galimoto yeniyeniyo ikulimbana ndi fumbi kwa Msakambewa. Wotchi yake nthawi zambiri imatsatira nthawi ya ku Japan, yomwe ili patsogolo ndi maola 7: dzuwa lili paliwombo pa Madisi, iyo ikuti ndi 7 koloko madzulo.

Ndipo mayi amene mawu ake amamveka m'galimotomo akulankhula Chijapanizi injini ikangolira, kawirikawiri sanena za njira ayi. Amakhala akukumbutsa kuti m'kabokosi kolipirira pa zipata za misewu ya ku Japan mulibe khadi. Pa zipata zolipirira za kuno, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, khadi imeneyo siigwira ntchito, choncho mayiyo angomusiya adandaule.

Kodi sizingatheke kuchotsa mapu a ku Japan n'kuikamo a Malawi?

Pa zipangizo zambiri zotere, sizitheka. Mapu ake amakhala pa DVD, pa hadi disiki kapena pa memori khadi, olembedwa mwa njira ya kampani yomwe inapanga chipangizocho, ndipo kampaniyo sinakonzepo mapu a Malawi oti alowe mmenemo. Pa mitundu ingapo amisiri amatha kusintha zolembedwa zina kuti zikhale m'Chingerezi. Zimenezo zimathandiza kupeza Bluetooth ndi kukonza wotchi, koma sizibweretsa msewu wa ku Ntchisi pasikirini. Wogulitsa akanena kuti mapu tidzakuikirani, wogula amuuze kuti aike kaye, ndalama zibwere pambuyo.

N'chifukwa chiyani sikirini zimenezi zimavutanso ngakhale pa wailesi wamba?

Ku Japan wailesi za FM kwa zaka zambiri zinkaulutsa pakati pa 76 ndi 90 MHz, pomwe ku Malawi zimayambira pa 87.5 mpaka 108. Ndiye kuti wailesi ya m'galimoto ya ku Japan imangogwira kachigawo kakang'ono ka m'munsi, nyumba zoulutsira mawu za pamwamba pa 90 n'kumaziphonya. Amisiri amalumikiza kachipangizo kotchedwa band expander pa waya wa eriyo, mawailesi n'kuyamba kumveka, koma nambala yooneka pasikirini siikhalanso yeniyeni. Za TV yake ndiye n'zosayamba n'komwe, chifukwa njira youlutsira zithunzi ya ku Japan ndi yosiyana ndi ya kuno.

Chopweteka kwambiri chimabwera tsiku lomwe batire latha, kapena makaniko walichotsa pokonza zina. Zipangizo zambiri, makamaka za m'galimoto za Toyota, zimadzitseka pofuna kugwetsa ulesi mbava, n'kumafuna nambala yachinsinsi yomwe inatsala ndi mwini wake woyamba kutsidya kwa nyanja. Zina sizidzuka ngati mulibe memori khadi ya mapu, ndipo khadi imeneyo nthawi zina imasowa panjira galimoto isanafike m'manja mwa woigula. Sikirini ikatseka, wailesi, nyimbo ndi kamera yoonera kumbuyo zimapitira limodzi. Amisiri otsegula zimenezi alipo ku Lilongwe, koma kwa munthu wa kwa Dzoole umenewo ndi ulendo wa tsiku lathunthu, mafuta ake ndi malipiro a mmisiri pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga amene akugula galimoto yatsopano, kapena yochokera ku South Africa?

Apa nkhani imasinthako. Ma Hilux ndi ma Fortuner amawapangira ku Durban, ma Ford Ranger ku Pretoria, ndipo sikirini zake zimakhala za Chingerezi, wailesi yake yogwirizana ndi ya kuno. Zomwe zili ndi mapu zimawatenga ku makampani ojambula mapu monga HERE ndi TomTom, ndipo misewu ikuluikulu ya Malawi ikhoza kupezekamo. Vuto limayamba galimoto ikangotsika pa tala. Makampani amenewa amaika mphamvu zawo komwe kuli makasitomala ambiri. Msewu wa m'mudzi wa ku Dowa womwe umadutsa ngolo, njinga zamoto ndi lole ya fodya kamodzikamodzi suli pamwamba pa ndandanda yawo.

Mtengo nawo si wamasewera. Kumaiko komwe chipangizochi amachigulitsa padera, chimawonjezera madola mazana angapo, nthawi zina kupitirira 1,000, ndipo kawirikawiri sachigulitsa chokha: amachimangirira limodzi ndi mipando yachikopa ndi zina zapamwamba, kuti wochifuna akwere mulingo wonse. Kuno ndalama imeneyo imabereka ina, chifukwa msonkho wa MRA umawerengedwa potengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Ndipo dola siima pamodzi. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023.

Komanso mapu amakalamba. Galimoto ya zaka khumi yomwe mwini wake sanailipirirepo mapu atsopano imadziwa dziko la zaka khumi zapitazo. Ku Lilongwe kokha, mphambano ya misewu yosanjikizana ya pa Area 18 ndi misewu yomwe yakulitsidwa m'zaka zaposachedwapa ndi zokwanira kusokoneza mapu akale.

Mayeso ake ndi osavuta ndipo salira ndalama. Asanasaine chilichonse, wogula akhale pampando, alembe pasikirini maina anayi: Dzoole, Nambuma, Malomo, Mvera. Chipangizo chikawapeza onse n'kuonetsa msewu wofikira kumeneko, chili ndi kanthu. Chikangodziwa Lilongwe, Kasungu ndi Salima, chikudziwa zomwe aliyense wokwera minibasi amadziwa kale.

Koma foni imafuna bandulo ndi netiweki. Kumapiri a ku Ntchisi zikhala bwanji?

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, ndipo ogulitsa ena amadyerapo. GPS ya m'foni siidya bandulo. Foni imamva masetilaiti mwachindunji, monga mmene chimachitira chipangizo cha m'galimoto, ngakhale pamalo pomwe TNM ndi Airtel sizifika. Chomwe chimafuna intaneti ndi kubwera kwa mapu m'fonimo, ndipo mapu akhoza kusungidwiratu. Google Maps, yomwe inayamba mu 2005, kuyambira 2015 imalola munthu kusunga mapu a dera lomwe wasankha n'kumalondoleredwa njira popanda intaneti. Mapulogalamu monga Organic Maps, OsmAnd ndi Maps.me amasunga Malawi yense nthawi imodzi. Munthu akhoza kuchita zimenezi pa Mponela pomwe netiweki ili bwino, n'kukwera mpaka kunkhalango ya phiri la Ntchisi kamuvi kake kakuyendabe.

Zofooka za foni ndi zina. Imatentha ikakhala padzuwa la mwezi wa October kuseri kwa galasi, mpaka kudzizimitsa. Batire lake limatha msanga ikamalozera njira, choncho imafuna tchaja ya m'galimoto. Pa msewu wa mabampu imagwa ngati choigwirira n'chofooka. Ndipo dalaivala woigwira m'manja galimoto ikuyenda akuputa ngozi komanso chindapusa cha apolisi a pamsewu. Koma zonsezi mankhwala ake ndi choikapo foni cholimba ndi tchaja yabwino, zinthu za mtengo wochepa poyerekeza ndi tayala limodzi.

Kodi mapu a m'foni amawadziwadi madera a Dowa ndi Ntchisi?

Amawadziwa kuposa chipangizo chilichonse cha kufakitale, koma pali malire. Msewu wa M1 wodutsa pa Lumbadzi, Mtengowanthenga, Mponela ndi Madisi uli bwinobwino. Msewu wochoka pa Mponela kupita ku Ntchisi, ndi wopita kuboma la Dowa kudzera ku Dzaleka, ilimonso. Zipatala, masukulu akuluakulu ndi malo omwetsera mafuta ambiri amaoneka. Munthu akalowa m'midzi, mizere ya misewu imakhalapo chifukwa anaijambula kuchokera pa zithunzi za m'mlengalenga, koma yambiri ilibe maina, ndipo chithunzi cha m'mlengalenga sichisiyanitsa bwino msewu wa galimoto ndi njira ya ngolo.

Maina ndiye nkhani ina. Makina amafuna kalembedwe kamodzi, pomwe Chichewa chimasinthanitsa l ndi r mosavuta: wina amalemba Mponela, wina Mponera. Mapu akale amalemba Nchisi, ena akalekale Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi. Dzina limodzi limapezekanso pawiri: Lingadzi ndi mtsinje wa mumzinda wa Lilongwe, komanso ndi mtsinje wina wochokera m'mapiri a ku Dowa kulowera kunyanja. Ndipo mawu akuti kwa Dzoole satanthauza kadontho kamodzi pamapu. Ndi dera lonse la mfumu yaikulu, la midzi yambirimbiri. Wolemba Dzoole pafoni akhoza kufikitsidwa pachipatala kapena pasukulu, pomwe maliro omwe akupitako ali makilomita angapo kutsogolo.

Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba, kuyambira m'mizinda. Kumudzi keyala ya munthu ikadali ya pakamwa: mukadutsa chigayo, mukhotere kumanzere pa mjigo, mufunse kwa a gulupu. Palibe chipangizo cha ku Japan kapena ku Germany chomwe chimamva chilankhulo chimenecho.

Pali zinthu ziwiri zomwe foni imachita zimene chipangizo chomangiriridwa m'galimoto sichingathe, ndipo kumudzi n'zofunika kuposa china chilichonse. Choyamba, wachibale amene waima pabwalo la mfumu akhoza kutumiza pa WhatsApp kadontho kosonyeza pomwe ali, mlendo n'kungokatsata, popanda dzina la msewu. Chachiwiri, mapu a m'foni amakonzeka. OpenStreetMap, yomwe inayamba ku Britain mu 2004 ndipo ndi yomwe Organic Maps ndi OsmAnd zimagwiritsa ntchito, imalola aliyense kuwonjezera msewu, mlatho kapena sukulu. Kuchigwa cha Shire, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, Amalawi eni ake anajambula midzi ndi misewu pa mapu amenewa pokonzekera ndi pothana ndi madzi osefukira monga a mu January 2015. Mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo wa kwa Dzoole akhoza kuchita chimodzimodzi ndi dera lake, madzulo amodzi, ndipo zimenezo zikalowa m'mapu a m'mafoni aliyense wodutsa kumeneko apindule.

Nanga m'dzinja, mapu angadalirike?

Ayi, a mtundu uliwonse. Apa chipangizo cha kufakitale ndi foni zimafanana umbuli.

Mapu amasankha njira powerengera utali ndi liwiro. Sadziwa kuti usiku wathawu mvula inagwa kumtunda, mtsinje wa Kasangadzi wadzaza, kapena kuti kamlatho ka mitengo kanakokoloka sabata yatha. Sadziwa kuti dothi lofiira la katondo pachitunda limaterera ngati sopo, ndipo Sienta yodzaza anthu ndi matumba siikwera pamenepo. Njira yachidule yomwe mapu amaikonda nthawi zambiri imadutsa m'dambo, ndipo dambo la mu August si dambo la mu February. Nthawi yomwe foni imalonjeza pa msewu wafumbi nayonso si yoikira mtima. Google imadziwa liwiro lenileni la pamsewu kuchokera ku mafoni a anthu omwe akuyendamo. Mumzinda mafoniwo ndi ambiri, koma pa msewu wa m'mudzi ndi ochepa, choncho imangopenekera.

Ngakhale pa tala zinthu zimasintha msanga kuposa mapu. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kupita kumpoto, yomwe inayamba mu 2022 ndi thandizo la ndalama zochokera ku Ulaya, inabweretsa misewu yapambali yomwe inkasuntha malinga ndi pomwe ntchito yafika. Palibe memori khadi yomwe ikanatsatira zimenezo. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, chipangizo chimaonetsa malo onse omwetsera mafuta mokhulupirika, koma sichinena kuti ndi pati pomwe thanki yatsitsa lero. Madalaivala amamva zimenezo m'magulu a pa WhatsApp.

Mapu amoyo a ku Dowa ndi anyamata a kabaza a pa siteji. Iwo ndi amene amadziwa kuti m'mawa uno kwadutsika kuti, ndani watitimira pati, ndi njira iti yozungulira yomwe ili youma. Dalaivala wanzeru amaima, kupereka moni, kufunsa. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo masiku ano phulalo limadyedwa ndi munthu amene wamvera foni mpaka matayala onse anayi kulowa m'matope.

Ndiye kuti chipangizo cha kufakitale chilibe ubwino uliwonse?

Chili nawo, ndipo si bwino kuubisa. Sikirini yake ndi yaikulu, ili pamalo pomwe diso limafika msanga, siigwa pa mabampu, siitentha, ndipo mbala siingaitole pawindo. Eriyo yake imamva masetilaiti bwino kuposa foni yomwe ili pampando. Chimalumikizananso ndi matayala, moti setilaiti ikasowa chimapitiriza kuwerengera mtunda ndi makona. Luso limeneli ndi lofunika m'misewu yoboola pansi pa mapiri ndi pakati pa nyumba zosanja zitalizitali. Zoterezo ku Tokyo n'zambiri. Pakati pa Mponela ndi Malomo thambo lili poyera.

Ubwino wina wa sikirini, monga kamera yoonera kumbuyo ndi kuyankha foni osaigwira, ndi weniweni, koma sudalira mapu. Munthu akhoza kukhala nazo zimenezi osalipirira kulozera njira.

Kodi chimathandiza kupeza galimoto ikabedwa?

Ayi. Ichi n'chisokonezo china chofala, chifukwa zonse ziwiri amazitchula GPS. Chipangizo cholozera njira chimangomva, sichilankhula ndi aliyense kunja kwa galimoto. Wakuba akaiba, chimamulozera njira iyeyo. Cholondolera galimoto yobedwa ndi kabokosi kena kobisika, kokhala ndi simu khadi yake, komwe kamatumiza uthenga kufoni ya mwini wake kapena ku kampani. Kwa mwini Sienta ya matola amene waipereka kwa dalaivala, kapena mwini njinga yamoto ya kabaza, kabokosi kameneka kali ndi phindu looneka kuposa sikirini ya mapu. Kamafuna netiweki ndi kulipira mwezi ndi mwezi.

Nanga ndani amene amafunikiradi mapu?

Chodabwitsa n'chakuti munthu wa kwa Dzoole sasochera kwa Dzoole. Amasochera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera pa Mponela, komwe manambala a madera sanawaike motsatana ndi malo. Area 25 ndi Area 24 zili mbali zosiyana za mzinda, pomwe Area 18 yagundana ndi Area 49 ndi Area 47 chapafupi. Mlimi amene wabwera kudzaona wodwala ku Kamuzu Central Hospital, kenako akagone kwa mphwake ku Area 36, mawa lake akafike ku Kanengo, ndi amene mapu amamupulumutsa. Ndipo mumzindamo ndi momwe foni imachita bwino kwambiri, chifukwa imaonetsanso pomwe pali mdipiti wa galimoto.

Ena ndi oyenda maulendo odutsa malire: madalaivala a mathiraki opita ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, komanso okatenga galimoto kudoko. Iwowa amasunga mapu a maiko angapo pafoni asananyamuke, kuti asadalire intaneti ya kunja yomwe ndi yodula. Oyendetsa alendo kumalo osungirako nyama monga Nkhotakota, Kasungu ndi Nyika, ena amakonda kachipangizo konyamulika ka Garmin kokhala ndi mapu a Tracks4Africa, kampani ya ku South Africa yomwe imasonkhanitsa njira zomwe apaulendo enieni anadutsamo. Pa onsewa, wodalira sikirini ya kufakitale ndi wosowa. Ngakhale Amalawi oyendetsa Uber ndi Bolt ku Johannesburg, anthu omwe nsima yawo imachokera pa mapu, amagwira ntchito ndi foni yomangirira pa dashibodi.

Opanga galimoto nawonso anaona komwe mphepo ikulowera. Apple CarPlay inabwera mu 2014, Android Auto mu 2015, ndipo ntchito yake ndi kuonetsa mapu a m'foni pa sikirini ya galimoto. Galimoto zatsopano zambiri tsopano zimabwera ndi zimenezi, zina zopanda n'komwe mapu akeake. Wogula galimoto yatsopano afunse za izi, osati za Navigation.

Kodi kuchotsa sikirini ya Chijapanizi n'kuika ya Android n'kwanzeru?

Kwa ambiri, ndi njira yapakati yabwino. Sikirini za Android zochokera ku China zimapezeka m'mashopu a zida za galimoto ku Lilongwe, zimalowa pamalo pomwe panali yakaleyo, zimagwira mawailesi onse a FM, ndipo zimalandira mapulogalamu a mapu omwewo a m'foni. Koma zimasiyana kwambiri ubwino. Zotsika mtengo kwambiri zimachedwa kudzuka, zimaima pakati pa ulendo, ndipo fumbi ndi kugwedezeka kwa misewu ya kumudzi zimazipha msanga.

Mmisiri wake akhale wodziwa. Wodula mawaya mwachisawawa amasiya kamera yosagwira ntchito, mabatani a pachiwongolero akufa, kapena chipangizo chomwe chimadya batire usiku wonse. Ndipo m'galimoto zina zapamwamba, monga mitundu ina ya Toyota Crown, sikirini ya kufakitale imayendetsanso zoziziritsira m'galimoto, moti kuichotsa kumabweretsa mavuto oposa omwe amafuna kuthetsa. Ngati sikirini ya Chijapanizi ikugwira wailesi, Bluetooth ndi kamera, palibe chifukwa choivutitsira. Ikhale pomwepo, foni ikhale pambali pake.

Ndiye chigamulo n'chotani kwa wogula wa kwa Dzoole?

Pa galimoto yochokera ku Japan, mawu akuti Navigation asawonjezere ngakhale tambala pa mtengo. Galimoto ziwiri zikafanana, wogula asankhe poona injini, dzimbiri la pansi, kutalika kwake kuchokera pansi ndi kupezeka kwa zida zake pa Mponela kapena ku Lilongwe. Ikabwera ndi sikirini, aonetsetse kuti memori khadi ilimo ndipo afunse nambala yotsegulira batire lisanachotsedwe koyamba. Pa galimoto yatsopano, ayese maina anayi aja, ndipo akonde yomwe imalumikizana ndi foni.

Ndalama yomwe ikanapita ku chipangizocho ili ndi kopita kwabwino pa misewu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi: matayala olimba, sipeya yabwino, mashoko, jeke yodalirika, chingwe chokokera ndi khasu m'buti dzinja likayandikira. Yotsalayo igule choikapo foni ndi tchaja, ndipo mapu a Malawi asungidwe m'fonimo galimoto isanapatuke pa M1.